Maluwa owala paukwati wa panja mu Okutobala: kodi zitheka osaoneka ngati pamsika?

Funso

Ukwati wathu udzachitika Loweruka lina pakati pa mwezi wa Okutobala ku Lilongwe. Tikachoka kutchalitchi, madyerero adzakhala panja, pakapinga kunyumba kwa azakhali anga, pomwe pali mitengo iwiri ikuluikulu ya jakaranda ndi mpanda wa bougainvillea wapinki. Tikuyembekezera anthu ngati 300. Ine ndimakonda mitundu yowala: olenji, chikasu, pinki, yofiira, yonseyo. Koma a komiti ndi mayi wa dekoleshoni akuti tichite zoyera ndi golide monga amachitira aliyense, ati mitundu ikachuluka pamaoneka ngati pamsika, komanso maluwa enieni sangapirire dzuwa la Okutobala. Apongozi anganso ali mbali yomweyo. Ndalama si zambiri, ndipo kwatsala miyezi inayi. Ndigonje?

Mkwatibwi, Lilongwe

Yankho

Musagonje, achemwali. Koma mawu a komitiwo musawataye onse, chifukwa mantha awo ali ndi pogwira. Ukwati wa mitundu yambiri ukalakwika umalakwika moonekera, ndipo dzuwa la Okutobala limaphadi maluwa. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa mankhwala akewo. Zoyera ndi golide zimakoma muholo, momwe muli makoma ndi magetsi oti golideyo anyezimire. Mukazitulutsa panja 2 koloko masana, duwa loyera, nsalu yoyera, tenti yoyera ndi diresi loyera zimangokhala chinthu chimodzi chothobwa m'maso, ndipo pazithunzi mkwatibwi amasowa. Panja pamafunika mitundu yamphamvu. Chongofunika kugwirizana n'chakuti ikhale ingati, ndipo mtsogoleri wake akhale uti.

Poyambira ndi bwalo la azakhali anulo. Musanagule ngakhale duwa limodzi, pamalopo pali kale mitundu itatu: kubiriwira kwa kapinga, pepo wa jakaranda kumwamba ndi pansi pomwe maluwa ake amayoyokera, ndi pinki wa mpanda uja. Ndalama zonse za komiti sizingagule maluwa ochuluka ngati amene mitengo iwiriyo idzakupatseni kwaulere, ndiye chilichonse chimene mungabweretse chiyenera kumvana ndi pepo ameneyo. Ojambula ndi opaka utoto amadziwa kuti mtundu umawala kwambiri ukayandikana ndi wotsutsana nawo: chikasu chimatsutsana ndi pepo, olenji amatsutsana ndi buluu. Pepo wa jakaranda ndi wopendekera ku buluu, choncho mnzake weniweni ndi olenji, ndi chikasu chakupsa chija cha m'kati mwa dzungu. Mwachita mwayi, mitundu iwiriyi ili kale pamtima panu.

Ine ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Olenji akhale mwini bwalo. Pinki wamphamvu uja, wofanana ndi wa mpanda, akhale wachiwiri. Chikasu chingodontha apa ndi apo. Pa maluwa 10 aliwonse, 6 akhale aolenji, 3 apinki, limodzi lachikasu. Simukuyenera kuchita kuwerenga ndi zala, koma munthu akaima pageti azitha kunena mosakayika kuti ukwati uwu ndi waolenji. Pamsika pamene akuopa a komiti pamabwera pamene mtundu uliwonse wapatsidwa gawo lofanana ndi unzake, diso n'kusowa poyambira. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ofiira asiyeni. Ndikudziwa kuti apa ndakupondani pachilonda. Rozi wofiira kwambiri amamwa kutentha, m'mphepete mwa timasamba take mumada pasanapite maola ambiri, pamthunzi ndi pazithunzi amaoneka wakuda, ndipo akakhala pakati pa pepo wa jakaranda ndi pinki wa bougainvillea amakangana ndi onse awiri. Ukwatiwu ukanakhala wa mu Novembala pansi pa mtengo wa flamboyant, umene umayaka mofiira nthawi imeneyo, ndikanalankhula zina. Ngati mtima sukulola, ikani ofiira pang'ono m'maluwa anu a m'manja okha, ndipo akhale ofiira opendekera ku olenji, osati aja a pa Valentine.

Zoyera za komiti zija musazichotse, muzipatse ntchito ina. Nsalu za pamatebulo, mipando ndi tenti zikhale zoyera kapena zakirimu, zopanda maliboni amitundumitundu kumbuyo. Golide, ngati apongozi amufunitsitsa, akhale poikira keke ndi pambale. Duwa loyera lokha ndilo lisapezeke, kuti choyera chachikulu patsikulo chikhale diresi lanu. Kumbukiraninso kuti alendo athu sabwera atavala zotuwa. Anthu 300 m'zitenje ndi m'malaya a paukwati ndi mitundu yambiri kale, ndipo nsalu zosachita phokoso ndizo zimapumitsa diso. Ngati komiti kapena akuchimuna ali ndi chitenje chawo cha yunifomu, pemphani kachidutswa muziyenda nako m'chikwama posankha maluwa. Mukafuna kuyala chitenje chamaluwamaluwa pakati pa tebulo, maluwa a patebulo limenelo akhale a mtundu umodzi basi.

Nkhaniyi musakaikangane pamsonkhano wa komiti kapena pagulu la WhatsApp. Mawu oti "olenji ndi pinki" m'makutu amamveka oopsa kuposa mmene amaonekera m'maso. Konzani tebulo limodzi pabwalo pomwepo masana ena, nsalu yoyera, kamphika kamodzi ka maluwa aolenji pafupi ndi mpanda wapinkiwo, muitane apongozi ndi apampando a komiti kudzamwa tiyi, inu osanena zambiri. Ngati chinkhoswe sichinachitike, amenewonso ndi malo abwino oyeserapo. Za mayi wa dekoleshoniwo, n'kutheka kuti katundu amene ali naye m'nyumba ndi woyera ndi wagolide, ndipo akuopa kuti mumukakamiza kugula nsalu zatsopano. Mukamuuza kuti nsalu zake zonse zigwira ntchito, kuti chosintha ndi maluwa okha, mkangano utha theka.

Tsopano za dzuwa. Masana a Okutobala ku Lilongwe kutentha kumafika madigiri 30 kapena kupitirirapo, mpweya ndi wouma gwa, ndipo kamphepo kafumbi kaja kamaumitsa duwa msanga kuposanso dzuwa lenilenilo. Duwa limafota likamataya madzi mofulumira kuposa mmene phesi lake likumwera. Ndiye posankha ligwireni ndi zala. Ngati timasamba take ndi topyapyala ndi tofewa, silifika 3 koloko. Ngati ndi tokhuthala, toterera, kapena touma tokha mwachibadwa, lipirira. Hydrangea, amene amakoma kwambiri m'mabwalo a ku Zomba ndi ku Thyolo kozizira kuja, muiwaleni. Padzuwa amagwa nkhope pasanathe ola. Dahlia nayenso chimodzimodzi. Gerbera ali ndi olenji ndi pinki amene mukufunayo ndendende, koma khosi lake limawerama msanga ndipo phesi limawola likamizidwa m'madzi ambiri, choncho akhale pamthunzi, m'madzi ochepa. Olimba mtima ndi heliconia, pincushion protea, carnation, chrysanthemum, alstroemeria, gladiolus, ndi strelitzia, duwa lija lokhala ngati mutu wa mbalame. Strelitzia mukamupeza musamusiye: duwa limodzi lomwelo lili ndi olenji ndi kabuluu, ngati analipangira kukhala pansi pa jakaranda. Amapezeka m'mabwalo akale a ku Area 3, Area 10 ndi kwina, ndipo eni ake ambiri sakana mukapempha mwaulemu nthawi ilipo.

Marozi ochokera kunja, kaya ku Kenya kumene amalimidwa kwambiri m'mbali mwa nyanja ya Naivasha, kaya ku South Africa, amagulidwa ndi ndalama zakunja. Mukukumbuka mmene zinthu zinalumphira mitengo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo umene mwauzidwa lero musaudalire kuti udzakhala womwewo mu Okutobala. Maluwa otere muwasungire m'manja mwanu, pachifuwa cha akwati ndi patebulo la keke. Kwina konseko mutha kudzaza ndi maluwa olima nokha, ndipo apa m'pamene miyezi inayi yanu ili chuma.

Zinnia, marigold wamtali ndi mpendadzuwa amakonda kutentha, ali ndi mitundu yanu yeniyeniyo, ndipo amatenga masiku pakati pa 60 ndi 75 kuchokera pofesa kufika pochita maluwa. Mukawerenga chobwerera kuchokera pakati pa Okutobala, mukugwera kumayambiriro kwa Ogasiti. Musafese zonse tsiku limodzi. Fesani gawo loyamba sabata yomaliza ya Julayi, lachiwiri sabata yoyamba ya Ogasiti, lachitatu patapita masiku ena 10, chifukwa kuzizira kwa usiku nthawi imeneyo kumachedwetsa mbewu, ndipo kutentha kwa Seputembala kumazithamangitsa. Gawo limodzi mwa atatuwo lidzagwera patsiku lanu. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali, mbewu zitatalikirana masentimita 25, limalowa mbewu pafupifupi 160. Iliyonse ikangokupatsani maluwa awiri patsikulo, muli ndi maluwa oposa 300 kuchokera pabedi limodzi. Gulani mapaketi a mtundu umodziumodzi. Paketi yosakaniza, kapena njere zopatsidwa ndi aneba, zidzakutulutsirani yoyera, yofiira ndi yotuwa, theka n'kutaya. Zinnia akafika masentimita 25 kapena 30 mutsineni kunsonga. Zimaoneka ngati nkhanza koma amaphuka nthambi zambiri zazitali. Thirirani patsinde, osati pamasamba, kuopa nthenda ija yoyeretsa masamba ngati mwawaza ufa. Mpendadzuwa mudzale mothinana, masentimita 15 mpaka 20, kuti mitu ikhale yaing'ono yolowa mumphika. Wotalikirana amabala mitu yoyenera kwa oyenga mafuta. Ndipo popeza iye ndi wachikasu, mzere umodzi ndi wokwanira. Ngati pali malo, onjezani gomphrena, timaluwa tija tozungulira tapinki touma tokha timene timamera m'makomo ambiri, ndi celosia, koma awiriwa afeseni msanga chifukwa amachedwerapo. Zonsezi zikufuna madzi tsiku ndi tsiku m'chilimwe ndi mpanda woletsa nkhuku. Ngati kwanu madzi ndi ovuta, kambiranani ndi wachibale amene ali ndi dimba, mumulipire ngati mmene mukanamulipirira tomato.

Pali njira ina imene ine ndimaikonda kuposa zonse paukwati wa m'chilimwe: maluwa osadula n'komwe. Duwa limene lili ndi mizu yake m'dothi lonyowa silisamala kuti MC watalikitsa mwambo. Kwa anthu ogulitsa mbande m'mbali mwa misewu ya mu Lilongwe mutha kupeza marigold wam'machubu, bougainvillea waolenji wam'miphika, ndi croton wa masamba achikasu ndi olenji. Gulani mu Ogasiti akadali aang'ono ndi otsika mtengo, muwalere nokha. Patsikulo thinanitsani machubu 6 kapena 8 m'dengu limodzi, mubise pulasitikiyo ndi udzu wouma kapena masamba, muthirire m'mawa. Madengu otere ndi amene ayenera kukhala pamalo onse amene dzuwa limaomba tsiku lonse: pageti, m'mbali mwa njira, pamakona a tenti. Odulawo akhale pamthunzi pokha.

Sabata ino pitani mukakhale pansi ndi bambo amene amasamalira maluwa kwa azakhali. Ameneyo ndi katswiri wanu wamkulu, ndipo kawirikawiri palibe amamufunsa. Akuuzeni kuti chaka chatha jakaranda anayamba liti ndipo anayoyoka liti, poti mitengo imasiyana. Ina pakati pa Okutobala imakhala pachimake, ina itayamba kutha. Ikadzakhala itatha, olenji ndi pinki wanu adzaimabe bwino paokha, palibe chotayika. Mpanda wa bougainvillea asaudulirenso kuyambira kumayambiriro kwa Ogasiti, asauthire urea, ndipo achepetse madzi: chomera chimenechi chikadyetsedwa bwino chimangochita masamba, chikamva ludzu pang'ono ndi pamene chimavala maluwa. Kapinga yekha ndiye amafuna zosiyana. Ngati sathiriridwa, pofika Okutobala amakhala wofiirira, ndipo olenji pamwamba pa udzu wouma ndi dothi la katondo amazimirira. Gwirizanani za bilu ya madzi panopa, isadzakhale nkhani pambuyo pa ukwati. Maluwa a jakaranda ogwa pakapinga asasesedwe, ndi okongola, koma pasimenti ndi pomwe padzavinidwe pasesedwe m'mawa chifukwa amaterera, amathimbiritsa mpendero wa diresi, ndipo njuchi zimalowamo, ana ovula nsapato n'kuzipondapo.

Chinthu china chimene ambiri amachizindikira patsiku lenilenilo: jakaranda akamachita maluwa amakhala alibe masamba ambiri, ndiye mthunzi wake ndi wamabowomabowo. Musaudalire. Komanso chakumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana ku Lilongwe limadutsa paliwombo penipeni, mthunzi uliwonse n'kuthawira pansi pa mwini wake, kenako madzulo n'kutsetserekera kum'mawa. Kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri, kakhaleni pabwalopo nthawi yeniyeni ya madyerero, mukhome tizikhomo pomwe mthunzi uli 1 koloko, 3 koloko ndi 5 koloko. Akwati ayang'ane kumpoto kapena kummwera. Mukawakhazika moyang'ana kumadzulo adzatsinzina pazithunzi zonse, mukawatembenuza ndiye alendo ndi amene adzavutike. Dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane.

Poika maluwawo musawamwaze. Kadontho patebulo lililonse, kadontho pampando uliwonse, ndalama zimatha koma palibe chooneka. Unjikani malo atatu: pageti polowera, kumbuyo kwa akwati, ndi patebulo la keke. Kumbuyo kwa akwati kutenge theka la maluwa onse, chifukwa ndi kumene maso ndi makamera adzayang'ane kwa maola anayi. Ngati alendo adzakhale pamipando yandandanda monga timachitira m'maukwati ambiri, nkhani ya maluwa a pamatebulo yatha pomwepo. Ngati pali matebulo, kabotolo kapena kamphika kamodzi ka maluwa 5 kapena 7 a mtundu umodzi ndi kokwanira, tebulo ili laolenji, ilo lapinki, aolenjiwo achuluke. Patebulo la akwati ikani chigongono pansi mukunge chibakera. Maluwa asapitirire pamenepo, apo ayi anthu adzaonera maluwa m'malo mwa nkhope zanu. Ndipo kutsogolo, pomwe padzachitikire perekani-perekani, pasakhale kanthu pansi. Zithunzi za pa intaneti zimaonetsa maluwa atayalidwa m'mbali mwa njira mpaka kumapazi a akwati. Kumeneko anthu amakhala phee pamipando. Kwathu kuno akangoitana akuchikazi ndi nyimbo yawo, chilichonse chimene chili pansi chaphwanyika.

Kasamalidwe ka maluwa odula ndi komwe kumalekanitsa amene afote 11 koloko ndi amene afike madzulo. Dulani m'mamawa dzuwa lisanatuluke kapena madzulo litapendeka, ndowa ya madzi ili pambali panu, duwa lichoke pamtengo n'kulowa m'madzi nthawi yomweyo. Zinnia muyeseni kaye: gwirani phesi chapakati muligwedeze, mutu ukamagwedera uku ndi uku sanakhwime, musiyeni, ukaima nji dulani. Mpendadzuwa dulani timasamba tachikasu titangoyamba kudzuka. Ndowa zitsukidwe ngati zomwera, chifukwa tizilombo ta m'madzi akuda timatseka timitsempha ta m'phesi, duwa n'kufa ndi ludzu lili m'madzi. Chotsani tsamba lililonse limene lingamire, makamaka a marigold amene amanunkhitsa madzi, mudulenso kumapeto kwa phesi mopendeketsa ndi mpeni wakuthwa. Pa lita imodzi ya madzi thirani supuni zazikulu ziwiri za madzi a mandimu, supuni yaikulu imodzi ya shuga, ndi madontho a bulitchi osapitirira theka la supuni ya tiyi. Chilichonse chithiridwe m'madzimo pachokha. Musasakanize bulitchi ndi mandimu m'kapu, mpweya wake ndi woipa. Kenako maluwawo agone m'chipinda chozizira, chamdima, usiku wonse. Chipinda cha simenti, pansi pothiridwa madzi, mazenera otsegula usiku, makatani otseka masana, chimagwira ntchito bwino. Chisakhale chipinda chosungiramo zophika za ukwati. Nthochi zakupsa, mapapaya ndi madengu a tomato zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene umene umakalambitsa maluwa, ndipo carnation ndiye sachedwa n'komwe. Utsi wa jenereta ndi wa mbaula umachitanso chimodzimodzi. Heliconia ndi strelitzia asalowe mufiriji, kuzizira kwa pansi pa madigiri 10 kumawadetsa. Marozi ogula afike Lachinayi kuti apeze nthawi yotsegula, ndipo ponyamula chilichonse pewani kumbuyo kwa pikapu kosaphimba.

Zoikamo musavutike ndi magalasi obwereka. Mitsuko ndi miphika yadothi, madengu ndi malichero zimamvana ndi olenji kuposa galasi, ndipo mtsuko sugwa ndi kamvuluvulu. Amene akufuna zonyezimira angapeze miphika yopaka ku Dedza, koma wamba wa pamsika ndi wokwanira. Mtsuko umachucha, choncho dulani chigubu cha malita 5 muchilowetse m'kati, pansi muike mchenga kapena miyala. Tengani waya wa khola la nkhuku, mumupinde akhale mpira wosathina, mumukankhire m'chigubumo, mumange ndi selotepi mopingasa pakamwa, muthire madzi. Yambani ndi masamba: a mango okhwima, a bulugamu, a croton, a kanjedza, ena atuluke m'mbali, ena akwere mpaka kutalika kwa mtsukowo kamodzi ndi theka. Kenako maluwa akuluakulu, chapansi ndi chapakati. Apa m'pamene pagona chinsinsi cha mitundu yowala: musachite limodzi laolenji, limodzi lapinki, limodzi lachikasu mozungulira. Ikani aolenji 7 pamodzi mbali imodzi, apinki 4 pamodzi chapansi mbali inayo, mpendadzuwa mmodzi kapena awiri pomwe akumanirana. Bwererani m'mbuyo mapazi 10 muyang'ane, chifukwa alendo adzaonera patali choncho. Mukanyowetsa kunja kwa mtsukowo, madzi a m'kati amakhala ozizira. Mukagwiritsa siponji yobiriwira ija ya Oasis, ingoiikani pamwamba pa madzi imire yokha. Mukaikankha, pakati pamatsala pouma, duwa lobayidwa pamenepo lafa.

Atchi ya kumbuyo kwa akwati mutha kumanga ndi nsungwi, koma mizati ilowe pansi ndithu kapena imangidwe kuzikhomo, poti nsalu ndi maluwa zikagwira mphepo zimakoka mwamphamvu. Musaikute yonse. Mulu waukulu pakona imodzi yakumwamba, wina wocheperapo pansi mbali inayo, nsungwi zina zizioneka. Bougainvillea wa pampanda ndi amene angakudzazireni pinki kwaulere, koma ndi wosachedwa kukhumudwa akadulidwa. Dulani nthambi zokhwima Loweruka lomwelo m'mamawa, osati nsonga zanthete. Sadzani masamba obiriwira onse, chifukwa ndiwo amataya madzi, dulani minga, mumize nthambi yonse m'bafa la madzi kwa theka la ola kapena kupitirira, kenako phesi lililonse likhale m'kabotolo ka madzi komangidwa ndi waya kumbuyo kwa nsungwi. Dulani kuseri kwa mpanda, kumene alendo sakaona. Ndipo pamwamba penipeni pa atchi, pomwe palibe dzanja lingafike ndipo dzuwa limaomba osapumira, ine sindiona tchimo kuika apulasitiki abwino a mtundu womwewo pakati pa masamba enieni. Patebulo pomwe munthu angagwire ndi pomwe sindiwalola.

Maluwa anu a m'manja ali ndi ntchito yowawa kuposa onse: kutchalitchi m'mawa, kojambulitsa, m'galimoto yotentha, mpaka madzulo. Marozi aolenji, pincushion protea awiri kapena atatu, celosia ndi gomphrena wapinki, zomangidwa mothina, zidzapirira. Mapesi asakutidwe ndi liboni mpaka kumapeto, kuti mmodzi wa operekeza anu aziwabwezera m'kabotolo ka madzi nthawi iliyonse imene simukuwagwira, n'kuwapukuta ndi kathawulo asanakupatseni. Oponyera atsikana akhale ena, a zinnia. Pachifuwa cha akwati ndi anyamata awo ikani kanthu kakang'ono kolimba, monga gomphrena atatu ndi katsamba. Duwa lalikulu lofewa silipulumuka kukumbatiridwa ndi mudzi wonse. Mukagwiritsa lily, thotholani timitu ta mungu duwa likangotsegula. Mungu ukagwera padiresi musapukute kapena kuthira madzi, unyamuleni ndi selotepi.

Pakeke samalani. Oleander, amene ali ndi maluwa apinki okopa ndipo ali m'mipanda yambiri, ndi poizoni mtengo wonse. Gloriosa, duwa lija la dziko la Zimbabwe, nalonso ndi poizoni. Frangipani ali ndi utomoni woyera woyabwa, ndipo marozi ogula amakhala atapoperedwa mankhwala. Maluwa azungulire mbale ya keke, asabayidwe m'kekemo.

Pomaliza pa ntchito za tsikulo, sankhani munthu mmodzi wopanda ntchito ina iliyonse, osati wa m'gulu la operekeza, osatinso wa kukhitchini. Akhale ndi keni, botolo lopopera, sizasi ndi ndowa imodzi ya maluwa apadera yobisidwa pamthunzi. Mitsuko ikonzedwe Lachisanu usiku, igone m'nyumba, ituluke kutatsala ola limodzi kuti alendo afike. Okongoletsa amakonda kumaliza zonse 8 koloko m'mawa kuti athamangire ukwati wina, ndipo maola amenewo ndi amene amapha maluwa. Munthu yemweyo ndi amene adzathamangitse mitsuko mutenti chizimalupsa chikagwa, poti mu Okutobala sichipempha chilolezo. MC alengeze msanga kuti maluwa anthu atha kutenga pomaliza koma mitsuko ndi madengu zitsale, apo ayi mudzazipeza zitakwera minibasi.

Ndi amene adzakugulitseni maluwa akunja lemberanani papepala. Mulembe mtundu wake, kuchuluka kwa mapesi, tsiku ndi ola lofikira, ndiponso chochita ngati duwa limene munagwirizana silinabwere. Pamenepo lembani momveka kuti angasinthe dzina la duwa koma osati mtundu wake: rozi waolenji akasowa abweretse carnation kapena gerbera waolenji, asabweretse rozi wapichesi n'kumati ndi zofanana. Mupatseni kachidutswa ka nsalu kapena ka liboni ka olenji amene mukunenayo, kena musunge inu.